Masiku anayi ku Singapore ndi mayi achikulire: tiyambire pati?

Nachisale, Lolemba, 8:20 m'mawa

Ndikupatsani moni nonse a pagulu pano. Sabata yoyamba ya Disembala ndidzakhala ku Singapore pa msonkhano wa kuntchito, ndipo msonkhanowo ukadzatha ndapempha masiku anayi, kuyambira Lachinayi mpaka Lamlungu, kuti ndidzaone mzindawo pamodzi ndi mayi anga. Mayiwa ali ndi zaka 66, anapuma ntchito ya uphunzitsi chaka chatha, ndipo ulendowu ndi lonjezo limene ndinawapatsa kalekale. Vuto ndi lakuti mawondo amawavuta, moti akayenda ola lathunthu osapuma, m'mawa mwake sadzuka bwino. Ndawerenga zambiri pa intaneti, koma aliyense akutchula malo makumi awiri ngati kuti munthu angawamalize onse ndi miyendo yake iwiri. Ndikupempha inu amene munafikako kuti mundiuze zoyenera kuona, zoyenera kuzisiya, ndiponso zimene mlendo amalakwitsa mosadziwa. Ndalama zathu n'zowerengeka, choncho malangizo okhudza m'thumba ndiwalandira ndi manja awiri.

Bambo Gondwe, Lolemba, 10:05 m'mawa

Mayi Nachisale, ndinakhala mumzindawo zaka ziwiri pa maphunziro, ndipo chinthu choyamba chimene ndingakuuzeni n'chakuti amene adzakulamulireni ulendo ndi nyengo. Singapore ili pa mtunda wa makilomita osakwana 140 kumpoto kwa ikweta, kotero kulibe nyengo yozizira. Masana kumafika madigiri 31 kapena 32, usiku sikawirikawiri kutsika pansi pa 24, ndipo chotopetsa kwambiri ndi chinyontho cha mumpweya, chifukwa thukuta siliuma pathupi. Munthu wamphamvu zake amene amayenda tsiku lonse kwina kulikonse, kumeneko pofika 11 koloko m'mawa amayamba kufunafuna pokhala.

N'chifukwa chake tsiku muziligawa patatu. Kunja kumacha cha m'ma 7 koloko ndipo kumada cha m'ma 7 koloko madzulo chaka chonse. Kuyambira kukacha mpaka cha m'ma 10:30 muziyenda panja. Kuchokera pamenepo mpaka cha m'ma 4 koloko muzikhala pansi pa denga, kaya kumalo odyera, kumalo osungirako zinthu zakale, kapena kubwerera kuhotela kuti mayi akagoneko pang'ono. Dzuwa likapendeka muzitulukanso. Disembala ndi umodzi mwa miyezi imene mvula imagwa kwambiri, ndipo nthawi zambiri imabwera masana kapena chakumadzulo ndi mabingu ndi ziphaliwali, nthawi zina n'kugwa tsiku lonse. Ambulera yaing'ono isachoke m'chikwama, pakuti idzakuthandizani pa mvula ndi pa dzuwa pomwe.

Chimene chidzawapulumutse mayi m'madera akale a mzindawo ndi makonde a nyumba zamalonda. Kuyambira m'nthawi ya Stamford Raffles, amene anakhazikitsa doko la Angelezi kumeneko mu 1819, panali lamulo lakuti nyumba za m'mbali mwa msewu zikhale ndi khonde lofoleredwa lolumikizana ndi la nyumba yoyandikana nayo, ndipo makondewo amatchedwa five-foot way chifukwa cha m'lifupi mwake. Munthu amatha kuyenda msewu wonse pamthunzi. Muzingoyang'anitsitsa pansi, chifukwa khonde la nyumba ina limakhala lokwererapo kuposa la inzake, ndipo kasitepe kamodzi kosayembekezereka ndi kamene kamapweteka bondo.

Musaiwalenso juzi yopepuka. Zikumveka zachilendo, koma m'sitima, m'mabasi ndi m'masitolo akuluakulu makina oziziritsa mpweya amaomba mwamphamvu, ndipo munthu ukalowamo zovala zitanyowa ndi thukuta kapena mvula, umayamba kunjenjemera. Mwezi wanga woyamba ndinadwala chimfine kawiri chifukwa cha zimenezi.

Mayi Naphiri, Lolemba, 1:40 masana

Ine ndinapitako ndi ana awiri kwa masiku asanu. Ndikugwirizana ndi Bambo Gondwe pa za kutentha, ndipo ndiwonjezerepo za kayendedwe. Sitima za mumzinda zotchedwa MRT n'zimene zidzakufikitseni pafupifupi kulikonse, zimayenda kuyambira cha m'ma 5:30 m'mawa mpaka cha pakati pa usiku, ndipo pa siteshoni iliyonse pali chikepe, choncho mayi sadzakakamizika kukwera masitepe. Mungagule khadi ya EZ-Link n'kumaikamo ndalama, kapena kungogunditsa khadi yanu ya kubanki pachipata ngati ili yamtundu wogunditsa, ngakhale kuti makhadi a kunja amawadula kandalama kochepa kowonjezera tsiku lililonse limene mwaigwiritsa ntchito. Aliyense ayenera kukhala ndi khadi yakeyake. M'basi muzigunditsa pokwera ndi potsika pomwe, chifukwa mukaiwala potsika amakudulani ngati mwafika kumapeto kwa ulendo.

Kuchokera ku bwalo la ndege la Changi sitima ilipo, koma muyenera kusintha pa Tanah Merah, ndipo ndi zikwama komanso munthu wachikulire amene wakhala m'ndege maola ambiri, ine ndingalangize takisi kapena galimoto yoitanitsa pa foni ya pa Grab tsiku lofika lokhalo. Pa masitepe oyenda okha anthu amaima kumanzere n'kusiya kumanja kwa othamanga. M'sitima ndi m'siteshoni saloleza kudya kapena kumwa chilichonse, ngakhale madzi, ndipo chindapusa chake chimafika madola 500 a ku Singapore. Mayi akafuna kumwa mankhwala, amwe musanadutse pachipata.

Che Amidu, Lolemba, 7:15 madzulo

Musanafike pa zokaona, konzani kaye zolowera. Pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Aliyense wolowa m'dzikomo amalemba fomu ya SG Arrival Card pa intaneti m'kati mwa masiku atatu asanafike, ndipo n'njaulere pa tsamba la nthambi ya boma yoona zolowa ndi kutuluka, ya ICA. Pali masamba ena amene amaoneka ngati a boma n'kumalipiritsa anthu pa fomu yomweyo, amenewo muwapewe. Ngati m'masiku asanu ndi limodzi musanafike mudzakhale mutadutsa m'dziko limene lili pa mndandanda wa matenda a yellow fever, adzafuna chiphaso cha katemera, choncho muone bwino kumene ndege yanu ikukaima ndiponso maola amene mukakhalepo.

Nkhani ina ndi ya mankhwala a mayi. Mankhwala wamba a munthu mwini savuta, koma ena opha ululu amphamvu ndi ena ogonetsa amafuna chilolezo cha bungwe la Health Sciences Authority munthu asananyamuke. Muone mayina a mankhwalawo pa tsamba lawo, muwanyamule m'mapaketi awo enieni, ndipo kalata ya dokotala ikhale pafupi. Dzikolo silisewera pa nkhani ya mankhwala osokoneza bongo, ozembetsa amapatsidwa chilango cha imfa, kotero musavomere kunyamulira munthu aliyense katundu amene simunamutsegule nokha. Fodya wamagetsi uja wa vape ndi woletsedwa ngakhale kungopezeka naye m'chikwama, ndipo chingamu analetsa kuitanitsa ndi kugulitsa kuyambira 1992, kupatula cha mankhwala chogulitsidwa m'mafamase. Inshulansi ya paulendo musaisiye, chifukwa chipatala kumeneko n'chabwino koma n'chodula kwambiri kwa mlendo.

Nachisale, Lachiwiri, 6:50 m'mawa

Zikomo kwambiri nonse. Za mankhwala sindinaziganizireko n'komwe, ndipo lero lomwe ndikafunsa dokotala wa mayi dzina lenileni la mapiritsi a mawondo aja. Tsopano ndithandizeni pa zokaona. Zithunzi zonse zimene ndaona ndi za nyumba zitatu zosanja zija zokhala ndi chinthu chonga boti pamwamba, mitengo yachitsulo yowala usiku, ndi chilumba cha Sentosa. Kodi masiku anayi tingawathere kumeneko?

Bambo Gondwe, Lachiwiri, 9:30 m'mawa

Mungawathere, koma mudzabwerera mutaona zomangidwa zokha, anthu ake osawaona. Kwa ine chodabwitsa cha Singapore ndi mmene anthu ochokera ku China, ku India ndi a Chimalay, pamodzi ndi magulu ena ang'onoang'ono, amakhalira mothithikana pa chilumba chimene munthu amachidutsa pa galimoto m'nthawi yosakwana ola limodzi. Pafupifupi atatu mwa anayi alionse a anthu okhazikika m'dzikomo ndi Atchaina, Amalay ali cha pa 13 mwa 100 alionse, Amwenye cha pa 9. Zilankhulo za boma ndi zinayi, Chingelezi, Chimandarini, Chimalay ndi Chitamil, ndipo nyimbo ya fuko imaimbidwa m'Chimalay.

Zimenezi mungazione pa msewu umodzi wa South Bridge Road ku Chinatown, popanda kulipira kalikonse komanso popanda kuyenda mtunda wovuta mayi. Mukatsika sitima pa siteshoni ya Chinatown kapena ya Maxwell, mudzapeza mzikiti wa Jamae, umene anaumanga Asilamu a Chitamil ochokera kummwera kwa India. Mukayenda pang'ono mufika pa kachisi wa Sri Mariamman, wakale kuposa akachisi onse a Ahindu mumzindawo, amene anayamba mu 1827, ndipo nsanja ya pakhomo pake yadzaza ndi zifanizo zopakidwa utoto wowala. Kutsogolo pang'ono kuli kachisi wamkulu wofiira wa Abuda, Buddha Tooth Relic Temple, amene anatsegulidwa mu 2007, ndipo padenga pake pali kadimba. Dera limatchedwa la Atchaina, koma nyumba ziwiri zakale kwambiri zopemphereramo pa msewuwo ndi za Amwenye.

Mukatsikira ku Telok Ayer Street mudzapeza kachisi wa Thian Hock Keng, amene anamalizidwa cha m'ma 1842. Mukadzaima pakhomo pake mudzawauze mayi kuti kale nyanja inkafika pomwepo, ndipo anthu ochokera ku Fujian ku China akatsika m'zombo ankalowa kudzathokoza mulungu wawo wamkazi wa panyanja kuti afika amoyo. Lero nyanja ili kutali chifukwa anaikwirira ndi dothi n'kumangapo nyumba zosanja za mabanki. Monga mphunzitsi, ndikukhulupirira kuti zimenezi zidzawagwira mtima kuposa dziwe losambiramo la padenga la nyumba zosanja za pa zithunzi zanu zija.

Malo amene ine ndinkawakonda kwambiri ndi Waterloo Street, pafupi ndi siteshoni ya Bugis. Pamenepo kachisi wa Atchaina wa Kwan Im Thong Hood Cho wayandikana ndi kachisi wa Ahindu wa Sri Krishnan. Tsiku lina m'mawa ndinakhala pa benchi n'kumaonerera gogo wina wa Chitchaina, atanyamula maluwa m'dzanja limodzi ndi timitengo ta lubani m'dzanja linalo. Anatuluka m'kachisi wa kwawo, nayenda masitepe owerengeka, naima pakhomo la kachisi wa Ahindu, naweramitsa mutu katatu, kenako n'kuzika timitengoto mumphika wa phulusa umene eni kachisiyo anaika panja kuti anzawo a Chitchaina azifukizirapo. Palibe amene anacheuka, chifukwa kwa iwo n'zatsiku ndi tsiku. Pa msewu womwewo palinso sunagoge wa Ayuda wa Maghain Aboth, wa mu 1878.

M'kachisi wa Ahindu ndi mumzikiti amavula nsapato pakhomo, mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa, ndipo ndi bwino kufunsa musanajambule munthu amene akupemphera. Mayi avale nsapato zosavuta kuvula, kuti asamawerame kumasula zingwe kanayi m'mawa umodzi.

Mayi Naphiri, Lachiwiri, 12:10 masana

Bambo Gondwe, ndikulemekeza zimene mwafotokoza, koma musawanyozetse malo a ku Marina Bay. Munthu amene wadikira ulendowu zaka zambiri ali ndi ufulu woona zimene anaziona pa zithunzi, ndipo zambiri mwa izo n'zaulere. Kulowa m'munda wa Gardens by the Bay salipiritsa, ndipo mitengo yachitsulo ija, imene ina imatalika mamita 50, imawala motsatana ndi nyimbo nthawi ya 7:45 ndi 8:45 usiku uliwonse. Anthu amangokhala kapena kugona pansi n'kumayang'ana kumwamba, choncho mayi sadzafunika kuyenda. Zina mwa zolipira ndi nyumba ziwiri zagalasi, Flower Dome ndi Cloud Forest, ndipo ngati mungathe kulipira imodzi yokha musankhe Cloud Forest. M'kati mwake ndi mozizira, muli mathithi otalika mamita 35, ndipo chikepe chimakukwezani pamwamba kuti muzitsika pang'onopang'ono. Amenewo ndi malo abwino a maola otentha aja amene Bambo Gondwe anena kuti muzikhala pansi pa denga.

Dziwe la padenga la Marina Bay Sands, nyumba zitatu zokhala ndi chinthu chonga boti zija, ndi la ogona muhotelayo okha, choncho musalivutikire. Chifanizo cha Merlion, chamutu wa mkango ndi thupi la nsomba, chili tsidya lina la madzi, ndipo mphindi khumi zojambulitsa n'zokwanira. Za Sentosa ndiye ndivomereze kuti muzisiye. Ife tinapitako chifukwa cha ana, koma kuli kuyenda kwambiri padzuwa, zinthu n'zodula, ndipo mu Disembala sukulu za kumeneko zimakhala zitatsekera, kotero mizere imatalika. M'malo mwake madzulo amodzi mukwere basi yosanja yodutsa Orchard Road, msewu wa masitolo akuluakulu, mukhale pansi n'kumaona magetsi a Khirisimasi kuchokera pawindo.

Bambo Gondwe, Lachiwiri, 12:45 masana

Mwanena zoona, Mayi Naphiri, ndipo ndabweza mawu anga pa Cloud Forest. Ndiwonjezere munda wina, wa Singapore Botanic Gardens, umene unayamba mu 1859 ndipo bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2015. Umatsegulidwa 5 koloko m'mawa ndipo kulowa n'kwaulere, kupatula gawo la maluwa a orchid. Mundawo ndi wautali kwambiri, choncho musatsikire pa siteshoni yotchedwa Botanic Gardens, imene ili kumapeto akutali ndi maluwawo. Mutsikire pa Napier, kapena takisi ikusiyeni pachipata choyandikana nawo. M'gawolo muli maluwa opatsidwa mayina a alendo olemekezeka, ndipo limodzi ndi la Nelson Mandela.

Che Amidu, Lachiwiri, 8:00 usiku

Palibe amene wanenapo za chakudya, pamene ndi pomwe ndalama zanu zidzapulumukire kapena kuthera. Muzidya m'malo otchedwa hawker centre, amene ndi mashedi akuluakulu okhala ndi timakhitchini tambirimbiri ndi matebulo a aliyense pakati. Boma linawamanga pochotsa ogulitsa zakudya m'misewu, limawayendera pa zaukhondo, ndipo mu 2020 UNESCO inavomereza chikhalidwe chimenechi kukhala chuma cha anthu onse. Mbale imodzi yokhutitsa ine ndinkaigula pakati pa madola 4 ndi 8. Ku Chinatown kuli Maxwell Food Centre, kumene anthu amaimira mzere mpunga wa nkhuku wa Chihainan. Ku Little India kuli Tekka Centre, kumene mungadye biryani kapena roti prata. Laksa ndi msuzi wa kokonati wokhala ndi tsabola wambiri, ndiye mayi alawe kaye wanu asanagule wawo. Munyamule ndalama zapamanja zing'onozing'ono, chifukwa ogulitsa ena salandira makhadi a kunja.

Pali mwambo umodzi umene unandichititsa manyazi. Tsiku langa loyamba ndinagula chakudya, ndinaona tebulo lopanda munthu koma pali kapaketi ka tishu, ndipo ndinaganiza kuti wina waiwala. Ndinakhala, n'kusololamo tishu imodzi kupukutira thukuta. Posakhalitsa anafika amayi awiri atanyamula mathireyi, anaima n'kumandiyang'ana, ine ndili ndi tishu yawo pamphumi. Kumeneko kapaketi ka tishu, ambulera kapena khadi pa tebulo zimatanthauza kuti malowo ali ndi mwini, ndipo iwo amati chope. Inunso muzitero, kapena mayi azikhala pa tebulo inu n'kukaima pa mzere. Mukatha kudya muzibweza thireyi ndi mbale pamalo pake, chifukwa kuyambira 2021 ndi lamulo, ndipo wolakwa kachiwiri amalipira madola 300. Mashelefu obwezera alipo awiri, a ziwiya za halal ndi a zina, musawasokoneze. Amene amasamala za halal ayang'ane chiphaso cha bungwe la Asilamu la MUIS chopachikidwa pa kakhitchiniko.

Khofi ali ndi chilankhulo chakechake. Mukati kopi akupatsani wa mkaka wotsekemera wa m'chitini, kopi-o ndi wakuda wa shuga, kopi-c ndi wa mkaka wosatsekemera ndi shuga, mukawonjezera mawu akuti kosong ndiye kuti asathire shuga, ndipo peng ndi wa ayezi. Tiyi ndi teh, ndipo mawu owonjezerawo ndi omwewo. Wogulitsa wachikulire amaitanidwa kuti uncle kapena auntie, ndipo mayi anu nawonso asadzadabwe akamaitanidwa choncho, ndi ulemu.

M'malesitanti muzisamala mukaona zizindikiro ziwiri za kuphatikiza pambuyo pa mtengo. Zimatanthauza kuti adzawonjezera 10 pa 100 iliyonse ya ntchito ya operekera chakudya, kenako msonkho wa GST, umene unafika pa 9 pa 100 iliyonse mu 2024. Ndalama ya zikomo yapadera sayembekezera. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, choncho botolo limodzi lodzazanso likukwanirani.

Pomaliza musaphonye Kampong Glam, dera la Amalay ndi Aluya. Mzikiti wa Sultan unayamba mu 1824, ndipo nyumba imene ilipo lero inamalizidwa mu 1932. Mukadzaima pa Bussorah Street mudzayang'ane lamba wakuda amene wazungulira m'munsi mwa denga lagolide lija. Anamukongoletsa ndi zidutswa za pansi pa mabotolo agalasi, zimene anapereka Asilamu osauka kuti nawonso akhale ndi gawo pa ntchito yomanga. Alendo amalandiridwa kunja kwa nthawi za mapemphero, ndipo amabwereka mkanjo kwa amene sanavale mokwanira. Pafupi pomwepo pali Arab Street, kumene kuli masitolo a nsalu.

Achimwene Zgambo, Lachitatu, 7:25 m'mawa

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndikuona kuti Bambo Gondwe ajambula chithunzi chosalala kwambiri. Ine ndinagwirako ntchito miyezi isanu ndi itatu, ndipo kugwirizana kwa mitundu kumene mukukutamandako sikunangomera kokha. Mu Julayi 1964 Atchaina ndi Amalay anamenyana mumzindawo ndipo anthu anafa, chaka chimodzi dzikolo lisanapatukane ndi Malaysia pa 9 Ogasiti 1965. Boma la Lee Kuan Yew, nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo, linasankha kugwira nkhaniyi ndi dzanja lolimba. Anthu pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse amakhala m'nyumba zosanja zomangidwa ndi boma, za HDB, ndipo kuyambira 1989 pali malire a chiwerengero cha mtundu uliwonse m'nyumba iliyonse yosanja, moti munthu akhoza kuletsedwa kugulitsa nyumba yake kwa wogula wa mtundu wina ngati chiwerengerocho chadzaza. Malamulo oletsa kunyoza chipembedzo kapena mtundu wa munthu ndi okhwima, ndipo mlendo nayenso amamukhudza.

Palinso anthu amene samaoneka pa zithunzi. Ambiri mwa omanga nyumba zosanja zonsezo ndi anyamata ochokera ku Bangladesh ndi ku India, amene amagona m'nyumba zogonamo anthu ambirimbiri kunja kwa mzinda, ndipo mu 2020 ndi iwo amene matenda a Covid-19 anawagwira kwambiri. Mukapita ku Little India Lamlungu madzulo mudzawapeza masauzande, atakhala m'magulu pa kapinga ndi m'makonde, akuimbira foni kwawo ndi kutumiza ndalama. Pa Orchard Road, pafupi ndi nyumba ya masitolo ya Lucky Plaza, tsiku lomwelo pamadzaza amayi a ku Philippines ogwira ntchito za m'nyumba. Mu Disembala 2013 ku Little India kunabuka chipolowe basi itagunda ndi kupha wantchito wa ku India, ndipo pambuyo pake mu 2015 anakhazikitsa lamulo loletsa kumwa mowa pamalo a anthu onse kuyambira 10:30 usiku mpaka 7 koloko m'mawa. Sindikunena kuti Mayi Nachisale asapite, ndikungofuna kuti akamaona ukhondo ndi bata adziwe amene amazilipirira.

Bambo Gondwe, Lachitatu, 9:10 m'mawa

Achimwene Zgambo, palibe chimene mwanena chimene ndingachitsutse. Ngakhale madera amene ndawatchula aja anayamba ndi kugawa anthu, chifukwa pulani ya mzinda ya mu 1822 inapatsa mtundu uliwonse dera lake. Pamene ndikusiyana nanu ndi apa: lamulo lingakakamize anthu kukhala m'nyumba imodzi, koma silinatume gogo uja kukafukiza lubani pakhomo la Ahindu. Zonse ziwiri zilipo, ndipo mlendo angazione ngati atatuluka m'dera la mahotela. Mayi Nachisale, masana amodzi mukwere sitima mpaka ku Toa Payoh kapena ku Tiong Bahru, kumene anthu wamba amakhala. Pansi pa nyumba zambiri za HDB anasiya malo opanda makoma otchedwa void deck, ndipo pamalo omwewo Amalay amachitirapo ukwati, Atchaina n'kudzachitirapo maliro sabata ina. Pali mabenchi ndi mthunzi, ndipo msika ndi malo odyera zimakhala pafupi.

Achimwene Zgambo, Lachitatu, 9:40 m'mawa

Pamenepo tagwirizana. Ndiwonjezere za malo ogona, popeza ndalama n'zowerengeka. Zipinda za mahotela otsika mtengo ndi zazing'ono kwambiri, ndipo zina zilibe windo. Ine ndinalipira chipinda pa intaneti osawerenga bwino, ndipo ndinakhala masiku atatu osadziwa ngati kunja kwacha kapena kukugwa mvula. Muonetsetse kuti alemba zoti windo lilipo, kuti nyumbayo ili ndi chikepe, chifukwa mahotela ena a m'nyumba zakale zamalonda alibe, ndiponso kuti siteshoni ili pafupi. Mudzaona mitengo yotsika ku Geylang, koma misewu ina ya kumeneko ndi ya malonda a usiku amene simungakonde kudutsamo ndi mayi anu. Bugis, Lavender kapena Chinatown ndi kwabwinoko. Chipatso cha durian, chonunkha mwamphamvu chija, saloleza kulowa nacho m'sitima ndi m'mahotela ambiri, ndiye mukafuna kulawa mudyere pomwe mwagulapo.

Mayi Naphiri, Lachitatu, 2:30 masana

Wina akhoza kukuuzani za chilumba cha Pulau Ubin, kumene amapita pa boti laling'ono kuchokera ku Changi Point, ndipo botilo limadikira anthu 12 lisananyamuke. N'kokongola, kuli nkhalango, apusi ndi nguluwe, koma kumafuna njinga kapena kuyenda mtunda, choncho si kwa mawondo a mayi. Chimodzimodzi kuwolokera ku Johor Bahru ku Malaysia: mlatho wake ndi wa kilomita imodzi yokha, koma mizere ya pachipata kumapeto kwa sabata imadya theka la tsiku. Tsiku lonyamuka mufike msanga ku Changi kuti mukaone Jewel, nyumba yagalasi imene inatsegulidwa mu 2019, momwe madzi amagwa kuchokera padenga mamita 40. Ili kunja kwa chipata cha olowa ndi kutuluka, kotero muione musanadinditse mapasipoti.

Nachisale, Lachinayi, 6:30 m'mawa

Ndawawerengera mayi zonse dzulo usiku, ndipo nkhani ya mabotolo a pa mzikiti ndi ya kachisi amene anali m'mphepete mwa nyanja ndi zimene afunsa kawiri. Takonza motere. Lachinayi m'mawa South Bridge Road ndi Telok Ayer, nkhomaliro ku Maxwell, kenako kupuma. Lachisanu Waterloo Street m'mawa, Kampong Glam masana, basi ya pa Orchard Road madzulo. Loweruka Botanic Gardens kukangocha, Cloud Forest dzuwa likatentha, ndi mitengo yowala ija ya 7:45. Lamlungu Toa Payoh m'mawa ndi Little India madzulo, chifukwa mayi akuti akufuna kukawaona anyamata amene Achimwene Zgambo anena. Ngati pali pamene ndalakwitsa, ndikonzeni.

Che Amidu, Lachinayi, 7:05 m'mawa

Pali pawiri, Mayi Nachisale. Lachisanu masana ndi nthawi ya Jumu'ah, mapemphero aakulu a Asilamu, mzikiti wa Sultan umadzaza mpaka panja ndipo alendo saloledwa kulowa, choncho musinthanitse masikuwo: Waterloo Street ndi Kampong Glam zipite Lachinayi, Chinatown ibwere Lachisanu, ndipo pa mzikiti wa Jamae mudzadutse m'mawa anthu asanayambe kusonkhana. Chachiwiri, Lamlungu madzulo pa Serangoon Road, msewu waukulu wa ku Little India, pamakhala anthu ochuluka moti munthu wa mawondo ovuta amasowa popondera. Mufike cha m'ma 4 koloko, mukhale pa tebulo la m'mphepete ku Tekka Centre ndi teh wanu, ndipo khamulo muzidzaliona likusonkhana muli chikhalire. Siteshoni ya Little India ili pafupi pomwepo, kotero mayi akatopa mungonyamuka.